Utsi wa Fodya ndi Malamulo Oteteza Anthu

Tsiku lina m'mwezi wa Juni, minibasi idanyamuka pa boma la Mangochi kupita ku Monkey Bay. Mphepo ya mwera inkaomba mwamphamvu kotero kuti anthu adatseka mazenera onse. M'galimotomo mudali asodzi aŵiri, amayi ogulitsa usipa, ana a sukulu atatu ndiponso mayi wina amene adafukata khanda. Atangodutsa pa Makawa, bambo wina wa pampando wakumbuyo adatulutsa ndudu nayatsa. Posakhalitsa utsi udadzaza galimoto yonse. Khanda lija lidayamba kutsokomola, ndipo maso a ana a sukulu aja adalengeza misozi.

"Pepani bambo, tazimitsani nduduyo. Mwanayu akubanika," adatero mayi uja mwaulemu.

"Fodyayu ndi wanga, ndalama zogulira ndi zanga, chifuŵanso ndi changa. Nanga ndalakwira yani?" adayankha bamboyo.

Gogo wina amene adakhala pafupi ndi khomo adatembenuka nati, "Zonse mwatchulazo ndi zanudi, mwana wanga. Koma mpweya uli munowu ndi wa tonse."

Bambo uja adasoŵa choyankha. Adazimitsa ndudu ija naibwezera m'thumba.

Mau a gogoyo ndiwo phata la malamulo amene maiko ambiri akhazikitsa oletsa kusuta fodya m'malo opezekamo anthu ambiri. Munthu angathe kukana chakudya chimene sakuchifuna. Angathenso kukana madzi amene akuwakayikira. Koma palibe munthu amene angakane kupuma. Wosuta akayatsa fodya pagulu, aliyense amene ali pomwepo amasuta naye, afune asafune.

Zimene zili mu utsi wa fodya

Fodya ndi chinthu chodziŵika kuyambira kale m'dziko lino. Ena amasuta ndudu za m'sitolo, ena amapichira chingambwe, ena amasuta wa m'kaliwo, pamene ena amafwenkha wa m'mphuno. Makolo adapeka ngakhale mwambi wakuti, "Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo." Komabe m'masiku amenewo anthu sankadziŵa zimene zili mu utsi wa fodya.

Akatswiri a sayansi adapeza kuti mu utsi wa fodya muli mankhwala osiyanasiyana oposa 7,000, ndipo pafupifupi 70 mwa mankhwala ameneŵa amayambitsa khansa. Pali atatu amene ndi ofunika kuwadziŵa bwino.

Oyamba ndi nikotini. Mankhwala ameneŵa amafika ku ubongo mwamsanga ndipo amachititsa munthu kukhala ndi chibaba. Nchifukwa chake munthu amene wazoloŵera kusuta amavutika kuti aleke, ngakhale atafunitsitsa.

Achiŵiri ndi phula lakuda lomata. Munthu akayang'ana kudenga kwa khitchini yofolera ndi udzu amaona mwaye wakuda umene utsi udasiya. Utsi wa fodya umasiya zotero m'mapapo. M'njira zimene mpweya umadzera muli tiubweya tating'onoting'ono timene timasesa fumbi ndi tizilombo toyambitsa matenda. Phula limamata tiubweyati kotero kuti timalephera kugwira ntchito yake.

Achitatu ndi mpweya woipa wotchedwa kaboni monokisaidi. Mpweya umenewu ndi womwe uja umakomola anthu amene agona ndi mbaula ya makala m'nyumba yotseka. Ukaloŵa m'magazi umalanda malo a mpweya wabwino, ndipo mtima umagwira ntchito yakalavulagaga kuti thupi lipeze mpweya wokwanira.

Utsi umene umavutitsa anthu osasuta umachokera mbali ziŵiri. Wina ndi umene wosuta amatulutsa m'kamwa ndi m'mphuno. Wina ndi umene umafuka kunsonga kwa ndudu ikamanyeka. Utsi wonsewu uli ndi mankhwala oopsa aja. Ngakhale ndudu itazima, mankhwalawo amatsalira m'zovala, m'mabulangete, m'mipando ndi m'makoma.

Mmene anthu adadziŵira za kuopsa kwake

Kwa zaka zambiri anthu ankaganiza kuti kusuta nkosaopsa. Mu 1950 akatswiri aŵiri a ku Britain, Richard Doll ndi Austin Bradford Hill, adalengeza zimene adapeza atafunsa odwala ambiri m'zipatala za mumzinda wa London. Iwo adapeza kuti pafupifupi onse amene ankadwala khansa ya m'mapapo adali osuta fodya.

Funso lina lidatsala: nanga anthu amene sasuta koma amakhala ndi osuta? Dokotala wina wa ku Japan, Takeshi Hirayama, adatsatira kwa zaka zambiri moyo wa amayi osasuta oposa 90,000. Mu 1981 adalengeza zimene adapeza. Amayi amene amuna awo ankasuta ankadwala khansa ya m'mapapo kaŵirikaŵiri kuposa amayi amene amuna awo sankasuta. Apa zidaonekeratu kuti utsi wa munthu mmodzi ungathe kupha munthu wina.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la World Health Organization limanena kuti fodya amapha anthu oposa 7 miliyoni chaka chilichonse. Mwa anthu ameneŵa, oposa 1 miliyoni ndi anthu osasuta amene ankangopuma utsi wa anzawo. Chiŵerengero chimenechi nchofanana ndi cha anthu onse a m'boma la Mangochi, amene pa kalembera wa mu 2018 adapezeka kuti adali oposa 1 miliyoni.

Ana ndiwo amavutika koposa. Mapapo awo amakhala akukula, ndiponso ana amapuma mofulumira kuposa akuluakulu, motero amakoka utsi wambiri. Mwana wokulira mu utsi wa fodya amadwaladwala chifuŵa, chibayo ndi matenda a m'makutu. Ngati ali ndi mphumu, matendawo amakula. Mayi woyembekezera akamapuma utsi wa fodya angathe kubereka mwana wochepa thupi. Kwa akuluakulu, utsiwu umayambitsa matenda a mtima, kufa kwa ziŵalo ndi khansa ya m'mapapo.

Chifukwa chake pamafunika lamulo

M'minibasi muja nkhani idatha bwino chifukwa bambo uja adali womva. Koma si anthu onse amene ali otero. Ndiponso si onse amene angathe kudandaula. Khanda silingalankhule. Mwana wa sukulu amaopa kudzudzula munthu wamkulu. Mtsikana woperekera zakudya m'lesitilanti kapena m'hotela ya m'mbali mwa nyanja amapuma utsi wa alendo tsiku lonse, koma sanganene kanthu poopa kuchotsedwa ntchito. Lamulo limalankhula m'malo mwa anthu otere.

Anthu a kunyanja amadziŵa bwino ntchito ya lamulo loteteza chinthu cha anthu onse. M'miyezi ya Novembala ndi Disembala, pamene chambo chikuswana, boma limaletsa kukoka makoka ena pa Nyanja ya Malaŵi. Msodzi sanganene kuti, "Bwato ndi langa, khoka ndi langa, motero ndipha nsomba mmene ndifunira." Bwato ndi khoka ndi zakedi, koma nyanja ndi ya anthu onse, kuphatikizapo ana amene sadabadwe. Mpweya wa m'basi, wa m'kalasi, wa m'chipatala ndi wa m'nyumba yoonetsera kanema uli chimodzimodzi.

Malamulo ameneŵa samanga munthu chifukwa chakuti amasuta. Amangonena malo amene sayenera kusutiramo. Kaŵirikaŵiri malo ake ndi aŵa: zipatala, sukulu, maofesi, masitolo, malo odyera ndi omwera, mabasi, sitima ndi ndege. Mwini malo amalamulidwa kupachika chikwangwani choonetsa ndudu yodulidwa ndi mzere wofiira, kuti ngakhale munthu wosadziŵa kuŵerenga amvetse. Wophwanya lamulo amalipitsidwa chindapusa, ndipo m'maiko ena mwini malo amene walekerera anthu kusuta amalipitsidwanso.

Ena amaganiza kuti nkokwanira kugaŵa chipinda paŵiri, mbali ina ya osuta, ina ya osasuta. Koma utsi sudziŵa malire. Munthu akathira utoto kumbali imodzi ya ndowa ya madzi, madzi onse amasintha mtundu. Kutsekula zenera nakonso sikuchotsa utsi wonse. Njira yokhayo yotetezera anthu mokwanira ndiyo yakuti wosuta atuluke panja, patali ndi khomo ndi mazenera.

Zimene maiko ena adachita

Dziko loyamba kuletsa kusuta m'nyumba zonse zogwiriramo ntchito, kuphatikizapo malo odyera ndi omwera moŵa, lidali Ireland. Lamulolo lidayamba kugwira ntchito pa 29 Malichi 2004. Anthu ambiri ankati silidzatheka, koma lidatheka, ndipo maiko ena adatengera chitsanzo chimenechi. Ku Scotland lamulo lotere lidayamba mu 2006. Patapita chaka, madokotala adaŵerenga odwala m'zipatala zikuluzikulu ndipo adapeza kuti anthu ogonekedwa chifukwa cha matenda adzidzidzi a mtima adachepa ndi 17 pa 100 alionse. Ambiri mwa opulumukawo adali anthu osasuta.

Maiko a mu Africa nawonso sadatsalire. Anthu ambiri a ku Mangochi amapita kukagwira ntchito ku South Africa, ndipo amafikako lamulo lili kale. Dzikolo lidakhazikitsa lamulo loona za fodya mu 1993 ndipo lidalikhwimitsa mu 1999. Kuyambira mu 2009, kumeneko ndi mlandu kusuta m'galimoto mmene muli mwana wosakwana zaka 12.

Munthu akachoka pa boma la Mangochi nkukwera mapiri kudzera ku Namwera, amakafika pa chipata cha Chiponde ndipo akaoloka amaloŵa m'tauni ya Mandimba m'dziko la Mozambique. Dziko limenelo lidakhazikitsa malamulo oletsa kusuta m'malo opezekamo anthu ambiri mu 2007. Dziko la Zambia lidachita zomwezo mu 2008. Kenya idapanga lamulo lake mu 2007, ndipo Uganda mu 2015.

Maiko adagwirizananso kuti alimbane ndi vutoli pamodzi, pakuti mutu umodzi susenza denga. Mu 2003 nthumwi za maiko zidakumana mumzinda wa Geneva ku Switzerland ndipo zidavomereza pangano lochepetsa mavuto obwera ndi fodya. Panganoli lidayamba kugwira ntchito mu 2005, ndipo maiko oposa 180 adaloŵamo. Gawo 8 la panganoli limapempha dziko lililonse kuteteza anthu ake ku utsi wa fodya m'malo a ntchito, m'zoyendera za anthu onse ndi m'nyumba zimene anthu amasonkhanamo. Magawo ena amanena za kuletsa kugulitsa fodya kwa ana, kuletsa kutsatsa malonda a fodya, ndiponso kulemba machenjezo pa mapaketi a ndudu.

Nkhani ya fodya m'Malaŵi

Kwa dziko la Malaŵi nkhaniyi idali yovuta kuigamula. Fodya ndi mbewu imene yakhala ikubweretsa ndalama zakunja zochuluka kuposa mbewu ina iliyonse. Adayamba kutumizidwa kunja kuchokera m'dziko lino m'zaka za m'ma 1890. Lero alimi amagulitsa fodya wawo ku misika ya Limbe, Kanengo, Chinkhoma ndi Mzuzu. M'boma la Mangochi lomwe, dera la Namwera nlodziŵika ndi minda ya fodya. Mabanja ambiri amagula feteleza, malata ndi zovala, ndiponso amalipirira ana sukulu, ndi ndalama za fodya. Boma nalo limagula mankhwala ndi mafuta a galimoto kunja ndi ndalama zomwezo.

Chifukwa cha ichi, anthu ambiri ankaopa kuti kuloŵa m'pangano lija kudzapha ulimi wa fodya ndi kusaukitsa alimi. Dziko la Malaŵi lidakhala zaka 20 lisadaloŵemo. Pomaliza lidavomereza panganoli mu Ogasiti 2023, ndipo lidayamba kugwira ntchito m'dziko muno mu Novembala chaka chomwecho. Pa nthaŵiyo dziko lino lidalibe lamulo limodzi lalikulu loletsa kusuta m'malo onse opezekamo anthu ambiri. Zikwangwani zoletsa kusuta zimene zinkaoneka m'zipatala, m'mabanki ndi m'maofesi zinkaikidwa ndi eni malowo. Poloŵa m'panganoli, dziko la Malaŵi lidalonjeza kuteteza anthu ake ku utsi wa fodya mwa lamulo.

Kodi lamulo loletsa kusuta pagulu lingaphe ulimi wa fodya? Pali mfundo zitatu zoyenera kuziganizira. Choyamba, panganoli sililetsa mlimi kulima fodya. Chachiŵiri, pafupifupi fodya yense wolimidwa m'Malaŵi amagulitsidwa kunja, motero kuletsa kusuta m'basi ya ku Monkey Bay sikungatsitse mtengo wa fodya ku Limbe. Chachitatu, maiko a Mozambique ndi Zambia amalimanso fodya wambiri, makamaka ku Tete, ku Niassa ndi ku Chipata, komabe ali nawo malamulo oteteza anthu ku utsi.

Nzoona kuti anthu a m'maiko ambiri akamaleka kusuta, ogula fodya adzachepa m'tsogolo. Nchifukwa chake gawo 17 la pangano lija limapempha maboma kuthandiza alimi kupeza njira zina zopezera ndalama. M'Malaŵi alimi akulimbikitsidwa kulimanso soya, mtedza, nandolo ndi mpendadzuŵa kuti asadalire mbewu imodzi yokha. Mlimi wa fodya si mdani wa munthu aliyense. Iyenso ali ndi ana amene amakwera basi ndi kupita kuchipatala, ndipo anawo amafunika mpweya wabwino.

Mmene lamulo limapangidwira ndi kusungidwira

Lamulo la dziko lonse limapangidwa ku Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe. Nduna imabweretsa bilu, ndiye kuti lamulo longoganiziridwa. Aphungu amakambirana, nasintha pofunika kusintha, kenaka amavota. Akavomereza, Mtsogoleri wa dziko amasainira ndipo biluyo imasanduka lamulo. Makhonsolo a maboma ndi a matauni alinso ndi mphamvu yopanga malamulo ang'onoang'ono okhudza misika, madepoti ndi malo ena a m'dera lawo.

Komabe lamulo lolembedwa papepala siligwira ntchito palokha. Apolisi sangakhale m'basi iliyonse kapena m'lesitilanti iliyonse. Lamulo limalimba pamene anthu alimvetsa ndi kulivomereza. Palibe munthu amene amayatsa ndudu mumzikiti kapena m'tchalitchi, ngakhale pakhomo palibe wapolisi. Palibenso wanzeru amene amasuta pamalo omwetsera mafuta a galimoto, chifukwa aliyense amadziŵa kuti pangabuke moto. Anthu akadziŵa kuti utsi nawonso umapha, ngakhale umapha pang'onopang'ono, amaleka okha kusuta pagulu.

Pali malo amodzi amene lamulo silifikako kaŵirikaŵiri, ndiwo m'nyumba za anthu. Komatu ana ambiri amapumira utsi wa fodya kunyumba kwawo. Kumeneko banja lenilenilo ndilo liyenera kupangana kuti wosuta azisutira panja, kutali ndi ana, ndiponso kuti mwana asamatumidwe kukagula ndudu kapena kukayatsa fodya pamoto.

Mwana wa sukulu ali nayo mbali yake. Sayenera kunyoza kapena kuchititsa manyazi wachikulire amene amasuta, pakuti ambiri adayamba asakudziŵa kuopsa kwake ndipo chibaba chidawamanga. Angathe kupempha mwaulemu kuti, "Agogo, utsi ukundipweteka m'chifuŵa. Chonde kasutireni pakhonde." Angathe kutulutsa mng'ono wake m'chipinda mmene muli utsi. Angathenso kufotokozera makolo ake zimene waphunzira, makamaka pa 31 Meyi, tsiku limene maiko onse amakumbutsana za kuopsa kwa fodya. Koposa zonse, iye mwini akane kulaŵa ndudu yoyamba, ngakhale anzake atamunyengerera kapena kumuseka. Osuta ambiri adayamba ali achinyamata, ndipo kukana ndudu yoyamba nkosavuta kusiyana ndi kuleka fodya atakuloŵerera.

Minibasi ija idakafika ku Monkey Bay dzuŵa litapendeka. Anthu atatsika, bambo uja adapita yekha pansi pa mtengo, patali ndi anzake, ndipo adayatsa ndudu yake kumeneko. Khanda lija lidali litagona tulo kumsana kwa amake.

Mau ofunika kuwadziŵa

Chibaba: chilakolako champhamvu cha chinthu chimene thupi lazoloŵera.
Chindapusa: ndalama zimene munthu amalipira akaphwanya lamulo.
Pangano: mfundo zimene anthu kapena maiko agwirizana kuti azitsata.
Nthumwi: munthu wotumidwa kukaimira anzake pamsonkhano.
Mwaye: zakuda zimene utsi umasiya kudenga kapena kukhoma.
Phata: chiyambi kapena mfundo yaikulu ya nkhani.

Mafunso

1. Kodi gogo wa m'minibasi adatanthauzanji ponena kuti mpweya ndi wa tonse?
2. Tchulani zinthu zitatu zoopsa zopezeka mu utsi wa fodya ndipo fotokozani zimene chilichonse chimachita m'thupi.
3. Kodi Takeshi Hirayama adapeza zotani mu 1981?
4. Nchifukwa ninji utsi wa fodya umavutitsa ana koposa akuluakulu?
5. Kodi lamulo loletsa kusuta pagulu likufanana bwanji ndi lamulo loteteza chambo pa nyanja?
6. Tchulani maiko aŵiri oyandikana ndi Malaŵi amene ali ndi malamulo oletsa kusuta pagulu, ndi zaka zimene adawakhazikitsa.
7. Nchifukwa ninji dziko la Malaŵi lidatenga nthaŵi yaitali lisadaloŵe m'pangano la ku Geneva?

Zoti muchite

1. Jambulani chikwangwani choletsa kusuta ndipo mulembe pansi pake chiganizo chimodzi chaulemu.
2. Muli m'magulu, chitani seŵero la zimene zidachitika m'minibasi.
3. Lembani kalata yaifupi kwa phungu wa dera lanu yofotokoza malo atatu amene mukufuna kuti anthu asamasutiremo fodya, ndipo mupereke zifukwa zake.